Pamene X-ray Siikwanira: Mmene CT Imaunikira Mafupa ndi Mfundo Zake

Chithunzi cha X-ray ndi mthunzi. Cheza chimalowa mbali imodzi ya thupi n'kutulukira mbali ina, ndipo chilichonse chimene chakumana nacho panjira, kaya ndi khungu, minofu kapena mafupa awiri osanjikizana, chimaonekera pamalo amodzi pa chithunzi chafulati. Kuyambira mu 1895, pamene Wilhelm Röntgen anatulukira cheza chimenechi ku Würzburg m'dziko la Germany, mthunzi umenewu wathandiza odwala osawerengeka, ndipo mpaka lero mafupa ambiri othyoka safuna kuunika kwina kulikonse. Fupa la ntchafu likathyoka pakati, zithunzi ziwiri, china chojambulidwa chakutsogolo ndi china cham'mbali, zimamuuza dokotala pafupifupi zonse zimene akufuna kudziwa. Vuto limabwera fupa likathyokera mu mfundo, kapena kuti pamalo pamene mafupa amalumikizirana, komanso m'malo amene mafupa ake ndi opiringizika monga m'chiuno, m'khosi ndi m'chidendene. M'malo oterewa fupa lina limaphimba linzake, moti chidutswa chimene chatitimira chingathe kubisala kumbuyo kwa fupa labwinobwino osaoneka n'komwe. Makina a CT, amene amaunika thupi m'magawomagawo mothandizidwa ndi kompyuta, amathandiza kwambiri pa malo ngati amenewa.

Makinawa amagwiritsa ntchito cheza chomwecho cha X-ray, koma chipangizo chotulutsa chezacho sichikhala pamalo amodzi. Chimazungulira wodwala mkati mwa chimango chachikulu chokhala ndi bowo pakati, ndipo moyang'anizana nacho muli tizipangizo tambirimbiri toyeza kuchuluka kwa cheza chimene chakwanitsa kudutsa m'thupi. Pa kuzungulira kumodzi, kumene pa makina amakono kumatenga nthawi yosakwana sekondi imodzi, thupi limayezedwa kuchokera mbali mazanamazana. Palibe chithunzi chimene chimajambulidwa mwachindunji. Zimene zimatuluka ndi manambala, ndipo kompyuta ndi imene imawerengetsa kuti kadontho kalikonse ka mkati mwa thupi kanatsekereza cheza chochuluka motani. Zili ngati munthu amene akufuna kudziwa pamene chipika cha mtengo chafumbwa, ndipo m'malo mongochiyang'ana kunja akuchicheka m'magawo opyapyala n'kumaona gawo lililonse palokha, kungoti apa palibe chimene chimadulidwa.

Masamu ochitira zimenezi analipo kale makina asanapangidwe. Johann Radon wa ku Austria anawalemba mu 1917 popanda kuganizira zachipatala. Allan Cormack, katswiri wa sayansi wobadwira ku Johannesburg, anayamba kulingalira za vutoli pamene ankathandiza pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town mu 1956, ndipo anasindikiza zimene anapeza mu 1963 ndi 1964, koma panthawiyo anthu ochepa ndi amene anazilabadira. Amene anapanga makina ogwiradi ntchito pa odwala anali Godfrey Hounsfield, injiniya wa kampani ya EMI ku Britain. Wodwala woyamba anajambulidwa pa 1 October 1971 pa chipatala cha Atkinson Morley ku Wimbledon mu London, ndipo makinawo ankatha kuunika mutu wokha. Chithunzi chake chinali cha timadontho 80 m'litali ndi 80 m'lifupi, ndipo kujambula kulikonse kunkatenga mphindi zingapo. Cormack ndi Hounsfield analandira limodzi mphoto ya Nobel mu 1979. Kwa madokotala a mafupa, kusintha kwakukulu kunabwera pambuyo pake: makina ounika thupi lonse anayamba mu 1974, mu 1989 kunabwera makina ojambula mosalekeza pamene bedi likuyenda, mu 1998 makina ojambula magawo anayi nthawi imodzi, ndipo mu 2004 magawo 64. Masiku ano gawo limodzi limatha kupyapyala kufika pa theka la milimita, ndipo chithunzi chimakhala cha timadontho 512 mbali zonse ziwiri.

Kupyapyala kumeneku n'kumene kunasintha ntchito ya mafupa. Magawo akakhala opyapyala chonchi, kompyuta imatha kuwasanja pamodzi n'kuwadulanso njira ina iliyonse imene dokotala akufuna: kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kuchokera kumanja kupita kumanzere, kapena mopendekeka potsata kutalika kwa kafupa kena kake, popanda kumujambulanso wodwalayo. Imathanso kupanga chithunzi cha fupa lonse chimene dokotala amachizunguliza pa kompyuta, n'kuchotsapo fupa lina kuti aone mkati mwa mfundo. Zithunzi zozungulizazi n'zosangalatsa kuona, ndipo zimathandiza pofotokozera wodwala, koma mng'alu waung'ono umabisala mosavuta pa zithunzi zoterezi chifukwa kompyuta imasalaza pamwamba pa fupa. Dokotala wosamala amadalira magawo enieniwo, n'kumawayang'ana limodzi ndi limodzi.

Kadontho kalikonse kamapatsidwa nambala pa muyeso umene unatchedwa dzina la Hounsfield. Madzi ali pa 0, mpweya pa -1000, mafuta a m'thupi pafupi ndi -100, minofu cha m'ma 40 kapena 50, fupa la mkati lofewerapo pa mazana angapo, ndipo chikuta cholimba cha kunja kwa fupa chimapitirira 1000. Manambalawa akusonyeza chifukwa chake CT imakhoza bwino pa mafupa. Kusiyana kwa fupa ndi zinthu zolizungulira n'kwakukulu kwambiri, moti mng'alu wopyapyala umaoneka ngati mzere wakuda pa chinthu choyera. Koma akusonyezanso pamene makinawa amafookera, chifukwa minofu, mitsempha ndi zingwe zogwira mfundo zili ndi manambala oyandikana, ndipo zonse zimaoneka zotuwa mofanana. Nkhani yonse ya CT pa matenda a mafupa yagona pa kusiyana kumeneku.

Tiyeni tione bondo, chifukwa pamenepa nkhaniyi imamveka bwino. Pamwamba pa fupa la msongolo pali malo afulati pamene fupa la ntchafu limatsamira, ndipo malowa ndi okutidwa ndi chicherewecherewe chosalala chimene chimachititsa kuti bondo lizipinda popanda mafupa kukhulana. Munthu akagwa kuchokera pamwamba, kapena galimoto ikamugunda cham'mbali mwa bondo, fupa la ntchafu limasinja malo afulatiwo. Pa X-ray pangaoneke kamzere kamodzi ndi kutambasuka pang'ono kwa fupa, ndipo munthu angaganize kuti chikhakha chikwanira. Bondo lomwelo likajambulidwa ndi CT, pamatha kuoneka kuti pakati pa malo afulatiwo chidutswa chatitimira mamilimita 8, chazunguliridwa ndi khoma la fupa limene silinasunthe, ndiponso kuti kumbuyo kuli chidutswa china chimene chang'ambika n'kutsetserekera pansi. Chidutswa chakumbuyocho n'chimene chimachititsa kuti bondo ligwedezeke munthu akalipinda, ndipo chitsulo choikidwa kutsogolo sichingachigwire. Choncho zithunzi za CT zimasankha mbali imene dokotala ang'ambe, mmene wodwala agonekedwere pa bedi la opaleshoni, kaya chagada kapena chafufumimba, komanso ngati padzafunika fupa lina lodzazira mphako imene imatsala chidutswa chikakwezedwa.

Chimene madokotala amalimbikira chonchi n'chakuti chicherewecherewe cha m'mfundo chilibe mitsempha ya magazi, ndipo chikawonongeka sichimeranso mmene chinalili. Mfundo ikapola ili ndi kachitunda kapena kadzenje, kulemera kwa thupi kumaunjikana pamalo amodzi, chicherewecherewe chimaperepeseka, ndipo patapita zaka munthu amayamba kumva ululu wa nyamakazi imene ikanapeweka. M'mfundo zambiri, kusiyana kwa mamilimita awiri ndi kumene madokotala amatenga ngati malire oyambira kuganizira za opaleshoni, ngakhale kuti mfundo zina zimapirira kuposa zinzake, ndipo bondo limavutika kwambiri ndi kupindika kwa mwendo komanso kugwedera kusiyana ndi kadzenje kakang'ono. Kuyeza mamilimita awiri pa mthunzi wa mafupa osanjikizana n'kungoyerekeza chabe. Joseph Schatzker wa ku Toronto anagawa kuthyoka kwa pamwamba pa msongolo m'mitundu isanu ndi umodzi mu 1979 pogwiritsa ntchito X-ray, ndipo mu 2018 iye ndi Mauricio Kfuri anakonzanso kagawidweko potengera CT, makamaka kuti zidutswa zakumbuyo ziziwerengeredwa.

Pa chidendene, CT ndi imene inakhala maziko enieni a kagawidwe. Fupa la chidendene limaphwanyika munthu akagwa kuchokera pamwamba n'kufikira pa mapazi, ndipo mu 1993 Roy Sanders wa ku Tampa m'dziko la America anasindikiza njira yowerengera zidutswa za mfundo yaikulu ya pamwamba pa fupali pa zithunzi za CT. Zikakhala kuti sizinasunthe ndi mtundu woyamba, zidutswa ziwiri ndi mtundu wachiwiri, zitatu wachitatu, ndipo zinayi kapena kupitirira ndi mtundu wachinayi. Nambalayo imalosera mmene phazi lidzakhalire, chifukwa mtundu wachinayi kawirikawiri supola bwino ngakhale dokotala atayesetsa motani, moti ena amasankha kulumikiziratu mfundoyo kuti isamayendenso.

Palinso nkhani ya nthawi yojambulira, imene anthu ambiri saidziwa. Fupa la msongolo likaphwanyikira kumunsi, mu mfundo ya pakakolo, mwendo umatupa kwambiri ndipo khungu limatuluka matuza, moti kung'amba tsiku lomwelo kungachititse kuti bala likane kupola. Madokotala amayamba aika zitsulo zakunja zokoka mwendo kuti ubwerere pa utali wake, kenako n'kujambula CT. Amatero chifukwa mwendo ukakokedwa, zidutswa zambiri zimabwerera pafupi ndi malo ake, ndipo zimene zatsalira zili zotitimira zimaoneka bwino. Kujambula mwendo usanakokedwe kumangoonetsa mulu wa zidutswa zopanikizana. Opaleshoni yeniyeni imachitika patapita sabata imodzi, awiri kapena atatu, kutupa kukaphwa ndipo khungu likayamba kuchita makwinya.

M'chiuno ndi mmene X-ray imavutikira koposa. Mphako imene mutu wa fupa la ntchafu umalowamo ndi yozungulira ndiponso yakuya, ndipo Robert Judet ndi Émile Letournel a ku Paris, amene anafotokoza mitundu khumi ya kuthyoka kwa mphakoyi kuyambira mu 1964, ankadalira zithunzi zojambulidwa wodwala atapendeketsedwa mbali iyi ndi iyo, zomwe zimapweteka kwambiri kwa munthu wothyoka chiuno. CT inachepetsa kuvutika kumeneku. Imaonetsanso tizidutswa timene tatsalira mkati mwa mfundo pambuyo pobwezeretsa chiuno choguluka, ndipo kachidutswa kamodzi kotere kakasiyidwa kamakanda mutu wa fupa tsiku ndi tsiku. Fupa la kumunsi kwenikweni kwa msana nalonso limabisika pa X-ray chifukwa cha mpweya wa m'matumbo umene umakhala kutsogolo kwake.

Pa khosi, kusiyana kwa njira ziwirizi kunayezedwa. Khosi lili ndi mafupa asanu ndi awiri, ndipo malo amene amathyoka kawirikawiri, pamwamba penipeni ndi pansi penipeni, ndi omwenso amaphimbidwa ndi nsagwada ndi mapewa. Kafukufuku wa mu 2005 wophatikiza zotsatira za maphunziro angapo anapeza kuti X-ray inkazindikira pafupifupi odwala 52 pa 100 alionse ovulala mafupa a m'khosi, pamene CT inkazindikira 98. Ichi n'chifukwa chake munthu amene wachita ngozi yaikulu, makamaka ngati wakomoka kapena sakutha kufotokoza pamene pakupweteka, amajambulidwa khosi ndi CT kumene makinawa alipo. Komabe si aliyense womva kupweteka m'khosi amene ayenera kujambulidwa. Malamulo awiri odziwika, a ku America otchedwa NEXUS a mu 2000 ndi a ku Canada a mu 2001, amathandiza dokotala kuzindikira anthu amene sakufunika chithunzi chilichonse poona ngati ali maso bwinobwino, ngati sanaledzere, ngati sakumva kuwawa pakati pa khosi kumbuyo, ngati alibe dzanzi kapena kufooka kwa manja ndi miyendo, komanso poganizira msinkhu wawo ndi mmene ngoziyo inachitikira. Ndipo munthu akakhala kuti manja afooka koma CT sikusonyeza kuthyoka kulikonse, nkhani sinathe, chifukwa mtsempha waukulu wa mumsana ungavulale mafupa ali bwinobwino, ndipo umenewo umaoneka ndi makina ena ounikira otchedwa MRI.

Apa m'pamene pali kusamvetsa kumene kumandidetsa nkhawa. Anthu ambiri amaganiza kuti CT ndi X-ray yamphamvu imene imaona chilichonse, ndipo ikatuluka yopanda vuto amakhulupirira kuti palibe chimene chawonongeka. Si choncho. MRI, imene imagwiritsa ntchito maginito amphamvu m'malo mwa cheza cha X-ray, ndi imene imaonetsa zingwe za m'bondo zikaduka, chicherewecherewe chikang'ambika, mitsempha ya m'phewa ikathetheka, ndiponso madzi akachuluka m'mafuta a m'fupa. Chomalizachi n'chofunika kwambiri, chifukwa fupa limene lang'aluka popanda kusuntha limayamba kutupa mkati, ndipo kutupako kumaoneka pa MRI ngakhale mzere wa mng'alu usakuoneka pa CT. Chitsanzo ndi munthu wokalamba amene mafupa ake afooka, wagwa m'nyumba, akulephera kuponda, koma X-ray ya chiuno ikuoneka bwino. Bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a zachipatala ku England, limanena kuti munthu wotere ajambulidwe ndi MRI, ndipo CT igwiritsidwe ntchito ngati MRI singapezeke pasanathe maola 24 kapena ngati pali chifukwa choletsa. CT imapeza ming'alu yambiri yotere, koma ikalephera kupeza ndipo ululu ukupitirira, wodwalayo sayenera kuuzidwa kuti aziyenda basi.

Kafupa ka scaphoid, kamene kali polumikizira dzanja ndi mkono kumunsi kwa chala chachikulu, kamasonyeza bwino mmene makina awiriwa amagawirana ntchito. Kamathyoka munthu akagwa n'kutchinjiriza ndi chikhatho, ndipo nthawi zina sikaoneka pa X-ray yoyamba. Magazi amalowa m'kafupaka kuchokera kumbali ya zala n'kumabwerera cham'mbuyo, moti kakathyoka pakati, chidutswa cha kumbali ya mkono chingasowe magazi n'kufa. Pofuna kudziwa ngati pali mng'alu wobisika, MRI ndi imene imaposa. Koma pofuna kudziwa ngati zidutswa zasuntha kupitirira milimita imodzi, zomwe zimachititsa dokotala kuganizira zomanga ndi sikuluwu, CT ndi imene imayankha. Patapita masabata angapo, CT ndi imenenso imaonetsa ngati fupa latsopano lawoloka mng'aluwo, ndipo madokotala ambiri amachotsa chikhakha akaona kuti pafupifupi theka la mng'alu lalumikizika. Funso lomweli, lakuti fupa lapola kapena ayi, limafunsidwanso pa mafupa aatali amene achedwa kulumikizana ndi pa msana umene unachitidwa opaleshoni yolumikiza mafupa, chifukwa pa X-ray fupa latsopano lomera m'mbali limatha kuphimba mpata umene ukadalipo pakati.

Vuto lina ndi lotsutsana ndi lija la kusaona chimene chawonongeka: makina amaona zinthu zimene sizikudwalitsa munthu. Mu 1984, ofufuza a ku America anajambula ndi CT misana ya anthu 52 amene sankamva ululu uliwonse, ndipo mwa anthu oposa gawo limodzi mwa magawo atatu munapezeka zinthu zimene owerenga zithunzi anazitcha zolakwika. Msana umasintha munthu akamakula, ndipo kusinthako si matenda nthawi zonse. Munthu amene msana wayamba kumuwawa masiku ochepa apitawo, popanda ngozi, kutentha thupi, kuwonda, mbiri ya khansa, kufooka kwa miyendo kapena kulephera kudziletsa pokodza, sapindula ndi CT. Chimene angatengeko ndi lipoti lodzaza mawu oopsa, ndipo mantha amene amabwera nawo amatha kumulepheretsa kuyenda ndi kugwira ntchito, zomwe ndi zimene zikanamuchiritsa msanga.

Kupatula kuthyoka, pali matenda ena a mafupa amene CT imawagwira bwino. Kachotupa kotchedwa osteoid osteoma, kamene si khansa, kamagwira makamaka ana ndi achinyamata, ndipo kamapweteka kwambiri usiku koma ululu wake umaleka munthu akamwa aspirin kapena mankhwala ena a mtundu umenewo. Phata lake ndi laling'ono, nthawi zambiri losakwana sentimita imodzi ndi theka, ndipo limakwiririka ndi fupa lolimba limene thupi limamanga molizungulira. CT imalionetsa ngati kadontho kakuda kokhala ndi kachitsa koyera pakati, ndipo makina omwewo amatsogolera singano imene imalowetsedwa mpaka pa phatalo n'kuliwotcha, popanda kudula chigawo chachikulu cha fupa monga zinkachitikira kale. Pa matenda a mafinya a m'fupa amene akhalitsa, CT imapeza chidutswa cha fupa lakufa chimene chatsekeredwa mkati. Mankhwala safika pa chidutswa chotere chifukwa chilibe magazi, ndipo bala limapitiriza kuchucha mpaka chitachotsedwa. Pa TB ya msana, MRI ndi imene imaonetsa msanga matendawo ndi mmene mtsempha waukulu wapanikizikira, koma CT imasonyeza kuchuluka kwa fupa limene ladyeka, ndiponso imatsogolera singano yotengera kachidutswa kokayeza, kuti adziwe ngati ndi TB, tizilombo tina kapena khansa. Matenda atatuwa amatha kufanana pa chithunzi, koma mankhwala ake ndi osiyana kotheratu.

Pokonzekera opaleshoni zimene si zadzidzidzi, CT imagwira ntchito ngati chida choyezera. Phewa likamaguluka mobwerezabwereza, m'mphepete mwa mphako yake mumaperepeseka, ndipo fupa lotayika likafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu kapena anayi, kusoka zingwe zokha kumalephera kawirikawiri. Zikatero dokotala amasamutsira kachidutswa ka fupa pamalopo, njira imene Michel Latarjet wa ku Lyon anafotokoza mu 1954. CT imayezanso mmene fupa la ntchafu kapena la msongolo lapotokera, ndipo pa opaleshoni zina zoika mfundo zopanga, zithunzi zake ndi zimene zimalowetsedwa mu kompyuta yotsogolera podula fupa. Zitsulo zimene zili kale m'thupi siziletsa munthu kujambulidwa, koma zimasokoneza chithunzi ndi mizere yoyera ndi yakuda chifukwa zimatsekereza cheza chochuluka. Zitsulo za titanium zimasokoneza pang'ono poyerekeza ndi za cobalt ndi chromium, ndipo makina amakono ali ndi mapulogalamu ochepetsa mizereyo. Kulinso makina ojambula ndi mphamvu ziwiri za cheza nthawi imodzi, amene amasiyanitsa timiyala ta matenda a gout (mtundu wina wa nyamakazi) ndi kashiamu, ndipo njira imeneyi inalowetsedwa m'malamulo ogawira matendawa a mu 2015. Makina ena ang'onoang'ono amajambula phazi munthu ali chiimire, chifukwa phazi limene likuoneka lowongoka munthu atagona limatha kuphwatalala likasenza thupi.

Kwa wodwala, kujambulidwa kwake n'kosavuta. Amagona pa bedi lopapatiza limene limalowa pang'onopang'ono m'bowo la makina, ndipo popeza bowolo ndi lalifupi ndiponso lotseguka mbali zonse ziwiri, anthu ambiri samva kubanika ngati mmene ena amamvera mu MRI. Kujambula kwenikweni kumatenga masekondi ochepa, ndipo nthawi yambiri imathera pa kukonza kagonedwe. Chofunika ndi kusagwedezeka, chifukwa kusuntha pang'ono kumatha kupanga mzere wooneka ngati mng'alu. Chikhakha sichichotsedwa. Pa mafupa othyoka, nthawi zambiri sipafunika jakisoni aliyense. Mankhwala a ayodini obayidwa mumtsempha amaperekedwa pamene dokotala akufuna kuona mitsempha ya magazi, monga bondo likaguluka ndipo pali nkhawa kuti mtsempha wa kumbuyo kwake wang'ambika, kapena pofufuza chotupa ndi thumba la mafinya. Mankhwalawa amachititsa munthu kumva kutentha thupi lonse kwa kanthawi ndi kukoma kwachitsulo mkamwa, ndipo zimenezi zimatha zokha. Amene ali ndi matenda a impso, amene amamwa mankhwala a shuga otchedwa metformin, ndi amene thupi lawo linakanapo mankhwala a ayodiniwa m'mbuyomu ayenera kunena asanabayidwe.

Mtengo weniweni wa CT m'thupi ndi cheza. Chimayezedwa m'mamilisiveti, ndipo munthu aliyense amalandira pafupifupi 2.4 pa chaka kuchokera m'nthaka, mumpweya ndi mumlengalenga, potengera avereji ya dziko lonse lapansi. X-ray ya pachifuwa imapereka pafupifupi 0.1. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2009 mu Journal of Bone and Joint Surgery anawerengetsa cheza cha CT ya mbali zosiyanasiyana, ndipo anapeza 0.03 pa dzanja, 0.07 pa kakolo, 0.16 pa bondo, pafupifupi 2 pa phewa, pafupifupi 3 pa chiuno, ndi pafupifupi 19 pa msana wa kumunsi. Makina atsopano amapereka zocheperapo, makamaka pa msana, koma chimene manambalawa akuphunzitsa sichinasinthe. Kuopsa kumadalira ziwalo zimene zili pafupi ndi malo ojambulidwawo. Pa kakolo palibe chiwalo chimene chimavulala msanga ndi cheza, pamene kutsogolo kwa msana kuli matumbo, chikhodzodzo ndi ziwalo zoberekera, ndipo mkati mwa mafupa a msanawo muli mafuta opanga magazi. Choncho munthu amene akuopa CT ya phazi mpaka kukana opaleshoni yokonzedwa bwino akuopa chinthu chaching'ono, pamene amene akupempha CT ya msana chaka chilichonse akuderera chinthu choyenera kuchiganizira.

Ana amafunika kusamalidwa mwapadera chifukwa maselo awo akugawikana mofulumira ndiponso ali ndi zaka zambiri kutsogolo zimene khansa ingayambire. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wofalitsidwa mu The Lancet mu 2012 anasonyeza kuti pa ana 10,000 osakwana zaka khumi ojambulidwa mutu kamodzi, pangayembekezeke mwana mmodzi wowonjezera wodwala khansa ya m'magazi ndi mmodzi wodwala chotupa cha mu ubongo m'zaka khumi zotsatira. Chiwerengerochi n'chochepa, koma si chopanda kanthu. Mafupa ambiri a ana amaunikidwa mokwanira ndi X-ray, ndipo amadziwongola okha akamakula. Komabe pali kuthyoka kwina kwa pakakolo kumene kumachitika mwa achinyamata a zaka za m'ma 12 mpaka 15, panthawi imene malo okulira fupa ayamba kutsekeka mbali imodzi. Mng'alu wake umadutsa njira ziwiri kapena zitatu n'kukathera mu mfundo, ndipo apa CT ndi yoyenera, chifukwa cheza chake n'chochepa ndipo imasankha pakati pa chikhakha ndi opaleshoni. Mayi woyembekezera, kapena amene akuganiza kuti mwina ali ndi pakati, ayenera kuuza ojambula asanagone pa bedi. CT ya dzanja kapena phazi imafikitsa cheza chochepa kwambiri kwa mwana wosabadwa, koma ya chiuno ndi msana wa kumunsi imamuwomba mwachindunji, ndipo imachitika pokhapokha moyo kapena thanzi la mayiyo zili pangozi.

Njira zochepetsera cheza n'zodziwika bwino, ndipo zambiri sizifuna makina atsopano. Wojambula amachepetsa mphamvu malinga ndi kukula kwa wodwala, amajambula chigawo chokhacho chimene chafunsidwa, ndipo pa mafupa amatha kutsitsa mphamvu kwambiri chifukwa fupa limaonekabe bwino ngakhale chithunzi chitachita timadontho. Kuti achite zimenezi, ayenera kudziwa chimene akufufuza. Pepala lopempha kujambula lolembedwa kuti "bondo likupweteka" limamusiya mumdima, pamene lolembedwa kuti akufuna kudziwa kutitimira kwa mbali yakunja ya pamwamba pa msongolo limamuuza poyambira, polekezera ndi mmene adulire magawo. Cheza china chimawonjezeka chifukwa cha kusamutsidwa kwa odwala. Munthu amajambulidwa pa chipatala choyamba, n'kutumizidwa kwa dokotala wa mafupa ali ndi lipoti lokha kapena zithunzi zochepa zosindikizidwa papepala, ndipo popeza dokotalayo sangakonzekere opaleshoni popanda magawo onse, amalamula kuti ajambulidwenso. Wodwala kapena womuyang'anira akamachoka pamalo pamene wajambulidwa, apemphe kuti zithunzi zonse zikopedwe pa CD kapena zitumizidwe pa kompyuta ku chipatala chimene akupita, pamodzi ndi magawo opyapyala aja, chifukwa amenewo ndi amene dokotala adzawadulenso njira imene opaleshoniyo ikufuna.